Chibade cha pa botolo si chokongoletsa

Sabata ino mlimi wina wa tomato wa ku Nzama watitumizira chithunzi cha botolo la mankhwala opopera mbewu lomwe adagula pamsika. Malangizo ake onse ali m'Chipwitikizi. Iye amangofuna timuuze kuti azithira zivindikiro zingati mu sipuleya. Za mzere wofiira umene uli m'munsi mwa pepala la pabotololo sadafunse n'komwe.

Chonsecho uthenga waukulu uli pamzerepo. Wofiira, womwe umadza ndi chibade ndi mafupa opingasa, ndiye poizoni woopsa zedi. Wachikasu ndi woopsabe, wabuluu ukufuna kusamala, wobiriwira ndiye wochepako mphamvu. Tizithunzi ta magolovesi, majombo ndi chotchinga kumphuno adatijambulira munthu wosadziwa kuwerenga. Papepala pomwepo amalembaponso masiku odikira mbewu zisanathyoledwe. Mlimi akapopera lero n'kuthyola mawa, mankhwalawo amakathera mumphika wa aliyense wogula tomato kapena kabichi pamsika wa Lizulu.

Mlimiyo sitingamudzudzule kwambiri. Alangizi ndi ochepa, chiwawu sichidikira munthu, ndipo Ntcheu, kwawo kwa mlimiyu, ndi boma la m'malire komwe katundu wa ku Mozambique amalowa mosavuta.

Koma ogulitsa asatinamize kuti sadziwa. Takhala tikudandaula patsamba lino za mchitidwe wopungulira mankhwala m'timabotolo ta zakumwa ndi m'timapepala tapulasitiki, ndipo sitileka. Kabotolo kotere kalibe dzina, kalibe mzere, kalibe chibade. Kamagona pawindo pomwe mwana afikira. Wina akamwa, adokotala amayamba kulota chomwe chamulowa m'thupi pamene nthawi ikutha. Kodi tameki, amene wapulula anthu m'dziko muno akugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe, sadatiphunzitse kanthu? Uku si kuchita bizinesi, n'kusewera ndi miyoyo ya anthu chifukwa cha makobiri.

Nanga a Pesticides Control Board ali kuti? Lamulo la mankhwala otere lidakhazikitsidwa mu 2000, ndipo limafuna kuti mankhwala aliwonse alembetsedwe asanagulitsidwe. Papita zaka zoposa 20, koma malamulo osungidwa mu ofesi sanalanditsepo mlimi wa m'dimba. Atuluke, akalande timabotolo topanda mayinato, alange eni ake, ndipo aliyense woitanitsa mankhwala kunja amukakamize kumata chenjezo la m'Chichewa katunduyo asanafike pashelefu.