Nyale za Njinga Yamoto Yakale Zifuna Masamu

Aliyense amene amayenda madzulo m'misewu ya Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu waona momwe njinga zamoto zikuvalira nyale masiku ano. Ina ili ndi timagetsi tobiriwira kunsi kwa thanki, ina tofiira kutsogolo, inanso nyale yabuluu yothwanima ngati ya apolisi. Koma mukaiyang'anitsitsa njinga yomweyo pamene ikukhota pamphambano, mudzaona kuti indiketa yake siyaka, kapena idathyoka kalekale ndipo pangotsala mawaya awiri olendewera. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ganizo langa m'nkhani ino ndi ili: kuika nyale zatsopano pa njinga yamoto yakale ndi ntchito yabwino ndiponso yofunika, koma ndi ntchito ya masamu, ndipo iyenera kuyambira pa nyale zimene zimauza anthu ena zimene woyendetsa akufuna kuchita. Masamu akewo ndi omwe aja amene mwana wa kusekondale amaphunzira m'kalasi la sayansi, nawaiwala akangotuluka m'chipinda cha mayeso. Nchifukwa chake ndikulembera inu amene mwangotsiriza sukulu, pamodzi ndi aphunzitsi anzanga.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidalengeza m'chaka cha 1923 kuphatikiza zaka zana limodzi, ndiko kunena 2023, kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Munthu wa panjinga alibe chitsulo chomuteteza. Chimene chimamusunga ndi kuoneka, ndi kuti anzake adziwiretu kumene akulowera. Pachifukwa ichi maiko adagwirizana za mitundu ya nyale: yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndi yachikasu yophethira kumbali imene munthu akukhotera. Amene waika nyale yofiira kutsogolo akunamiza woyendetsa galimoto kuti njingayo ikupita, pamene ikubwera.

Ena amati mkono ndi wokwanira, pakuti makolo athu ankakhota popanda indiketa. Nzoona, koma usiku mkono suoneka. Ndiponso kwathu kuno timayenda kumanzere kwa msewu, kotero kuti kukhotera kumanja ndiko kudutsa kutsogolo kwa magalimoto onse, obwera ndi otsatira omwe. Tsono dzanja lamanja lomwelo ndi limene limagwira moto wa injini ndi buleki yakutsogolo. Woyendetsa akalitambasula kuti asonyeze kumene akupita, wasiya zinthu ziwirizi pa nthawi yeniyeni imene zikufunika, kumbuyo kwake kuli mayi ndi mwana kapena thumba la chimanga.

Tsopano tione njinga yeniyeni. Kampani ya Honda idatulutsa njinga yotchedwa CG125 m'chaka cha 1975, ndipo idaipanga dala kuti ipirire m'maiko amene misewu yake ndi yafumbi ndipo amakaniko ali kutali. Injini yake idatchuka kwambiri, mwakuti njinga zambiri zochokera ku China zimene anyamata a kabaza amayendetsa zidatengera kapangidwe kake. Njinga zoyambirira za mtundu umenewu zidali ndi magetsi a mavolti 6, pamene zam'mbuyo mwake, pamodzi ndi nyale zambiri zimene zikugulitsidwa m'misika lero, ndi za mavolti 12. Pomwepa mpamene ambiri amapunthwa asadayambe nkomwe. Babu la mavolti 12 likaikidwa pa njinga ya mavolti 6 limangofiira ngati khala, ndipo la mavolti 6 likaikidwa pa mavolti 12 limawala kamodzi nkupsa. Funso loyamba, munthu asadatulutse ndalama, ndi lakuti: kodi njinga yanga ndi ya mavolti angati? Yankho lidalembedwa pabatire.

Funso lachiwiri ndi lakuti magetsi a nyaleyo achokera kuti. Pa njinga zazing'ono zakale muli njira ziwiri za magetsi. Nyale yaikulu yakutsogolo imalandira magetsi kuchokera ku magineto, kamakina kamene kamazungulira pamodzi ndi injini. Magetsi amenewa ndi osinthasintha mbali, otchedwa AC, ndipo amakwera ndi kutsika potsata liwiro la injini. Nchifukwa chake nyale imazilala njinga ikaima, nkuwala ikathamanga. Koma maindiketa, hutala ndi nyale ya mabuleki zimadya kubatire, kumene magetsi ake amayenda mbali imodzi, otchedwa DC. Batire limenelo lili ndi ntchito inanso yosaoneka: limameza magetsi opitirira muyezo. Amene amachotsa batire lakufa nkumayenda choncho amadabwa kuti mababu akupsa sabata iliyonse, namanena kuti mababu a masiku ano ndi achabe, pamene vuto lili panjinga.

Funso lachitatu ndilo la masamu enieni. Mphunzitsi wina wa ku Germany, Georg Ohm, adafalitsa lamulo lake la magetsi m'chaka cha 1827, ndipo pambali pa lamulo limenelo ana athu amaphunziranso kuti mawati ndi mavolti kuchulukitsa ndi maampeya. Tiyerekeze kuti mnyamata wagula nyale ziwiri zowonjezera, iliyonse ya mawati 35. Pamodzi ndi mawati 70. Pa njinga ya mavolti 12 zidzakoka maampeya pafupifupi 6, koma pa njinga ya mavolti 6 mawati omwewo afuna maampeya pafupifupi 12. Batire lolembedwa 6Ah, monga lija la CG125 yakale, silingapirire katundu wotere kupitirira theka la ola, ndipo magineto ya njinga yaing'ono yakale siidapangidwe kuti ibwezere magetsi ochuluka chotero. Zotsatira zake nzodziwikiratu: batire limatha, hutala imalira ngati mbuzi yodwala, ndipo indiketa imaleka kuphethira. Mnyamata uja waonjezera kuwala kutsogolo, koma wazimitsa nyale zimene zimamupulumutsa kumbali ndi kumbuyo.

Waya nayenso ali ndi malire ake. Waya wopyapyala akanyamula maampeya ochuluka amatentha, chikopa chake chimasungunuka, ndipo mawaya ambiri a njinga amadutsa kunsi kwa thanki ya petulo. Fyuzi idapangidwira zimenezi: ndi kachitsulo kofooka dala, kuti kapse iko waya asadapse. Iyenera kukhala pafupi ndi batire, ndipo nambala yake ipose pang'ono maampeya amene nyale ikukoka. Nchinthu chomvetsa chisoni kuona munthu akukulunga fyuzi yakupsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena kuilowetsa m'malo ndi msomali. Fyuzi ikapsa yanena kuti penapake pali shoti. Kuitseka pakamwa sikuchotsa shotiyo, ndipo tsiku limene njinga idzayake moto, pepani sadzapoletsa chilonda.

Ena adzati nyale za LED zidathetsa mavuto onsewa, popeza zimadya magetsi ochepa. Pali choona m'mawu amenewa. Nick Holonyak adapanga LED yofiira m'chaka cha 1962, ndipo ntchito ya Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura pa LED yabuluu, imene idawapezetsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014, ndiyo idatsegula njira ya nyale zoyera zimene tikuzionazi. Kwa njinga yakale ya magetsi ochepa, LED ndi mphatso. Komabe ili ndi khalidwe lake limene munthu ayenera kulidziwa. Imalola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha, kotero kuti zambiri siziyaka mawaya akatembenuzidwa. Ikalumikizidwa ku magetsi a magineto opanda chowalamulira, imanjenjemera injini ikamalira pang'ono, nkufa injini ikathamanga.

Pa maindiketa nkhaniyi ndi yosangalatsa kwambiri, ndipo ndi phunziro lathunthu la sayansi. Chimene chimachititsa indiketa kuphethira ndi kabokosi kotchedwa fulasha. M'fulasha yakale muli kachitsulo kamene kamatenthedwa ndi magetsi opita kumababu. Kakatentha kamapindika nkudula magetsi, kakazizira kamawongoka nkuwalumikizanso. Kadapangidwa molingana ndi mababu a mawati akutiakuti, kuti indiketa iziphethira pakati pa ka 60 ndi ka 120 pa mphindi imodzi, monga momwe miyezo ya maiko ambiri imafunira. Mababu awiri a mawati 10 pa mavolti 6 amakoka maampeya opitirira 3. Mukaika LED ziwiri m'malo mwake, magetsi amachepa kwambiri, kachitsulo kaja sikatentha mokwanira, ndipo kaphethiridwe kamasokonezeka, mwinanso nyale imangoyaka osaphethira. Mankhwala ake ndi kugula fulasha yamakono yosadalira kutentha, ya mavolti ofanana ndi a njinga. Palinso njinga zimene zili ndi kababu kamodzi pachiwongolero kosonyeza kuti indiketa yayatsidwa. Pa njinga zotere magetsi amadutsira m'kababuko nkuyatsa LED zonse zinayi nthawi imodzi, ndipo pamafunika tizipangizo tiwiri totchedwa diode kuti titseke njira yobwererayo.

Chinanso chimene chaonongetsa ndalama zambiri ndi mitundu ya mawaya. Pa njinga za Honda waya wobiriwira ndiye ethi, ndiko kuti njira imene magetsi amabwererera, pamene waya wakuda amanyamula magetsi kiyi akatembenuzidwa. Wa olenji amapita ku indiketa yakumanzere, ndipo wabuluu wotuwira amapita kumanja. Koma pa njinga za Yamaha waya wakuda ndiye ethi. Munthu wozolowera Yamaha akagwira Honda, natenga waya wakuda nkumumangirira pachitsulo cha njinga, wapanga shoti ndi manja ake. Nyale zogula kumsika nazonso zimabwera ndi mitundu yakeyake. Safunsa adadya phula. Pano wofunsidwa ndi chithunzi cha mawaya a njingayo, kapena kababu koyesera kamene mwana wa sukulu aliyense angathe kupanga ndi babu limodzi ndi mawaya awiri.

Ethi yomweyi ndiyo gwero la matenda ambiri a njinga zokalamba. Magetsi amabwerera kudzera m'chitsulo cha njinga, koma dzimbiri, utoto ndi girisi zimawatchinga. Indiketa yokhala pamtengo wa labala iyenera kukhala ndi waya wake wa ethi. Mukaona nyale yakumbuyo ikuphethira pamodzi ndi indiketa, dziwani kuti magetsi asowa njira yawo ndipo akubwerera kudzera kwa mnzake. Pa njinga ya mavolti 6, volti imodzi yokha ikatayika pamfundo yadzimbiri, kuwala kwa babu kumachepa pafupifupi ndi theka. Motero kawirikawiri njinga imene mwini wake akuti ikufuna nyale yatsopano imangofuna kupalidwa dzimbiri. Kupotokola mawaya ndi zala nkukulunga ndi chidutswa cha jumbo kumagwira ntchito m'chilimwe, koma mvula yoyamba imaulula zonse. Mfundo iwotchereredwe kapena ifinyidwe ndi cholumikizira chake, ikutidwe bwino, ndipo waya wodutsa pakhosi pa chiwongolero asiyiridwe mpata woti asaduke pokhota.

Sindikutsutsa amene amati misewu yathu ndi yamdima, ili ndi maenje, ndipo m'mphepete mwake mumayenda anthu ndi njinga zopanda nyale. Kufuna kuwala kokwanira si mlandu. Mlandu ndi kuthobwa maso anzathu. Babu la LED likaikidwa m'nyale imene idapangidwira babu lakale, kuwala kwake kumabalalika, ndipo woyendetsa lole amene wathobwa m'maso saona njinga imene yamuthobwayo. Nyale yowonjezera iloze pansi, ndipo ilumikizidwe mwakuti izizima pamene woyendetsa watsitsa nyale yaikulu pokumana ndi mnzake. Indiketa nayo izimitsidwe munthu akatha kukhota, pakuti pa njinga zazing'ono siizima yokha, ndipo indiketa yoiwalidwa imaitana galimoto kuti ilowe kutsogolo kwa njinga imene sikukhota.

Sindikunyozanso amakaniko athu a pansi pa mtengo. Ambiri a iwo ali ndi luso limene ife ophunzira tilibe, ndipo amadziwa matenda a injini pongoimva kulira. Koma magetsi salira ndipo saoneka, amafuna kuyezedwa ndi kuwerengetsera. Pamenepa mpamene mnyamata kapena mtsikana wa satifiketi ali ndi mwayi. Njinga zamoto zachuluka m'matauni ndi m'midzi momwe, ndipo iliyonse ili ndi mawaya okalamba. Wotsiriza sukulu amene angakhale pansi pa mmisiri wa zamanja, nabweretsa mita yoyezera magetsi ndi masamu a m'kalasi, sadzasowa ntchito, ndipo onse awiri adzapindula.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho limodzi. Sukulu zambiri zilibe zipangizo za sayansi zokwanira, koma pafupi ndi sukulu iliyonse pali njinga yamoto. Ibwerekeni kwa ola limodzi. Ana awerenge mawati olembedwa pamababu, aphatikize, agawe ndi mavolti a batire, ndipo anene okha fyuzi yoyenera. Atsegule fulasha yakufa aone kachitsulo kopindika. Mwana amene waona lamulo la Ohm pa njinga ya amalume ake sadzaliiwala, ndipo mwina tsiku lina adzaletsa amalumewo kuika msomali m'malo mwa fyuzi.

Potsiriza, amene ali ndi njinga yakale ndi ndalama zochepa atsate ndondomeko iyi: ayambe ndi batire ndi fyuzi, kenaka nyale ya mabuleki ndi yakumbuyo, kenaka maindiketa anayi onse, kenaka nyale yaikulu yolozetsedwa bwino. Timagetsi tokometsera tidikire mpaka masamu atasonyeza kuti mawati atsalapo. M'gawo lotsatira tidzakambirana za mabuleki ndi matayala a njinga zomwezi.