Mafunde a ku Scotland, khutu la ku Makokola

Kwathu kuno nyimbo ikangokhala ya mavayolini, yopanda mawu ndi ng'oma yovinira, timafulumira kufunsa kuti wamwalira ndani. Mapulogalamu a pa intaneti oyeza nyimbo nawonso atengera khalidwe lomweli. Amalemba liwiro la nyimbo ndi nambala imodzi, amatchula kiyi, basi n'kugamula kuti iyi ndi yachisoni. Sabata ino ndiikira kumbuyo nyimbo imodzi imene imaweruzidwa motere, ndipo mboni zanga ndi asodzi a m'magombe a ku Makokola, ngakhale ambiri mwa iwo sanaimvepo.

Nyimboyo ndi The Hebrides ya Felix Mendelssohn wa ku Germany. Ndi overture, mtundu wa nyimbo imene kale orchestra inkaimba potsegulira sewero, koma iyi anaipeka kuti iziima payokha. Mu Ogasiti 1829, ali ndi zaka 20, Mendelssohn anayendera zilumba za kumadzulo kwa Scotland, nakwera sitima kukaona phanga la Fingal pa chilumba cha Staffa. Mnzake wa paulendowo, Karl Klingemann, analemba kuti mafunde anamutembenuza m'mimba mnyamatayo. Pafupi ndi Staffa pali chilumba cha Ulva, kwawo kwa agogo ake a David Livingstone, yemwe anafika kumwera kwa nyanja yathuyi mu Seputembala 1859. Dziko ndi laling'ono ndithu.

Kiyi yake ndi B minor. Anzathu a kwaya amene amaphunzira nyimbo ndi do-re-mi akudziwa kale: minor ndi pamene nyimbo imakhazikika pa la osati pa do, ndipo khutu limamva kamdima. Apa ndi pamene makina aja amathera. Koma tamverani bwino chiyambi chake. Zoimbira za mawu a pansi, viola, cello ndi bassoon, zimatsitsa kachidutswa kafupi, n'kukabwereza, n'kukabwerezanso pamwamba pang'ono, mavayolini atangogwira mawu amodzi ataliatali osasuntha. Palibe akulira pamenepo. Ndi madzi akukwera ndi kutsika pansi pa bwato, mlengalenga muli zii. Posakhalitsa ma cello amakweza nyimbo ina yotakasuka mu D major, ndipo chakumapeto, mkuntho wa malipenga ndi ng'oma utadutsa, ma clarinet amaibwereza modekha kwambiri.

Siginala amene wakhala usiku wonse ndi nyali zake m'bwato kudikira usipa amaudziwa mtima umenewu. Si chisoni ayi, ndi tcheru. Maso ali pa madzi, khungu likumvetsera mphepo, chifukwa miyezi yozizira mwera suchenjeza kawiri. Chisoni chenicheni cha panyanja tili nacho, ndipo chikumbutso chake chili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi: anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julaye 1946. Mendelssohn sanalembe za maliro otero. Analemba za munthu amene akadali pamadzi, wamoyo, mtima uli m'mwamba pang'ono.

Nkhani yaikulu ili pa liwiro. Pamwamba pa pepala analemba kuti Allegro moderato, mofulumira koma mosapupuluma, ndipo mawu awiriwo amasiyira wotsogolera orchestra mpata waukulu. Nyimbo yonse imatenga mphindi khumi kapena kuyandikira apo, koma mkati mwakemo imathamanga, imazengereza, penapake imachita ngati yaima. Nanga nambala imodzi ija aitenga pa gawo liti? Ovina beni kuno ku Mangochi angaseke mutawafunsa liwiro la gule wawo, poti wezulo ikalira oimba ng'oma amasintha, ndipo kukoma kwake kuli m'kusinthako.

N'chifukwa chake zojambulidwa ziwiri za nyimbo yomweyi zimamveka ngati nyanja ziwiri. Otto Klemperer anaijambula ndi Philharmonia Orchestra ku London mu 1960. Mkuluyu ankadziwika ndi kusapupuluma, ndipo mafunde ake ndi olemera, obwera patalipatali, a mwera umene wawomba masiku angapo. John Eliot Gardiner ndi London Symphony Orchestra amaipepuza, mawu a zoimbira ali owuma ndi akuthwa, madzi akuthovokera m'maso. Kiyi ndi yomweyo, manotsi ndi omwewo, koma wina amakupatsa mantha a kuya kwa madzi, wina changu chofuna kukocheza msanga. Ine ndili mbali ya Klemperer, ngakhale ndikudziwa kuti ena amati amakoka miyendo. Funde limene limagubuduza bwato silithamanga.

Mwini wake nyimboyi inamuvuta. Anaikonza mobwerezabwereza isanaimbidwe ku London mu Meyi 1832, ndipo m'kalata ina anadandaula kuti gawo lapakati linkamveka luso la m'kalasi m'malo monunkha mafuta, mbalame za m'nyanja ndi nsomba zamchere. Wopeka nyimbo amene akufuna kuti ntchito yake inunkhe nsomba, ameneyo ndi wathu. Akanafika pa thandala la usipa dzuwa likuswa mtengo, akanapeza zonse zimene ankafuna, mwinanso zopitirira.

Chondidandaulitsa n'chakuti nyimbo zamtunduwu m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amaziika chapansipansi kuti ziperekeze chambo cha pa mbale, ndipo achinyamata amazimvera pa sipika ya foni. Kasipika kameneko sikatulutsa mawu a cello ndi bassoon, ndiye mumangotsala ndi mavayolini opyapyala, mafunde onse atasowa. Mukafuna kuiweruza, bwerekani mahedifoni abwino, kapena pemphani wa zokuzira mawu za pa ukwati akuikireni alendo asanafike.