Khirisimasi ino tisadye ngongole

Asisi, Disembala wafika, ndipo m'magulu a pa WhatsApp funso lija layamba kale kuzungulira: "Chaka chino tikadyera kwa ndani?" Wina akangoti "bwerani kwathu", onse amasangalala, kenako zii. Pa 25 anthu 20 atulukira chimanjamanja, mwini nyumba ali pambaula chiyambire m'bandakucha. Ife tikuti chaka chino zisinthe. Kuitana anzathu n'kwabwino, tisasiye ayi. Koma phwando la anthu ambiri lisagwere thumba limodzi ndi msana umodzi.

Tiyambe ndi ndalama. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse taona mmene mitengo ya mafuta ophikira, shuga ndi nyama yathamangira. Januwale nayenso sachedwa. Kukubwera lendi, fizi ya teremu yachiwiri, komanso ufa umene umadula nyengo ino tisanakolole. Ambirife timagawana za banki m'khonde mwezi uno. Ndalama imeneyo ndi thukuta la chaka chonse, ndi mpamba wa geni, si yothera tsiku limodzi. Katapila ndiye tisamuyandikire n'komwe. Nkhuku tidya lero, chiwongoladzanja chititsata mpaka Malichi.

Ndiye tichite bwanji? Choyamba tiwerengane. Amene akubwera anene poyera, ndipo anenenso ngati akubwera ndi mnzake kapena ana. Tikadziwa chiwerengero, tilembe zofunika, tiwonkhetse mtengo, tigawane. Aliyense atumize yake pa Airtel Money kapena Mpamba sabata yathunthu tsikulo lisanakwane, osati "ndikupatsa tikakumana". Amene mwezi uno zamuvuta asachite manyazi, ndipo tisamuchititse manyazi. Abweretse makala, mbale, mipando, kapena manja ake. Zonsezo ndi msonkho.

Chachiwiri, zakudya zikhale zochepa mitundu koma zokwanira. Kilogalamu imodzi ya mpunga imadyetsa anthu pafupifupi 8, ndiye kuti anthu 20 makilogalamu atatu akwana, wina n'kuwonjezera. Wa Kilombero fungo lake lokha limauza aneba kuti kuno kuli chisangalalo. Nkhuku zitatu zoduladula bwino, za msuzi wambiri, zifikira aliyense. Pambali pakhale nyemba, kabichi, mbatata ya kachewere, ndi kampoto ka nsima, chifukwa sipalephera kupezeka wina wonena kuti sanadye ngati sanagwire nsima. Zakumwa? Thobwa lophika tokha ndi botolo la Sobo zithetsa ludzu la anthu ambiri kuposa kireti ya zoziziritsa kukhosi. Mango ali mbwee nyengo ino, palibe chifukwa chovutikira keke yodula.

Zouma monga mpunga, nyemba, mafuta ndi mchere tigule msanga, chifukwa Khirisimasi ikayandikira ogulitsa nawonso amadziwa kuti tapanikizika. Masamba ndi tomato tikagule kumsika m'mawa, awiri kapena atatu, tinenerere. Makala akhalepo ndithu, poti magetsi sadziwa kuti lero ndi tsiku lalikulu.

Chachitatu, chimene ambiri sachiwerengera m'bajeti: ntchito. Chaka ndi chaka ndife akazi amene timasenda, kuphika, kupakula ndi kutsuka, pamene ena ali pamthunzi kudikira mbale. Timadya pomalizira, zozizira, titaimirira kukhitchini. Achimwene athu kuphika amatha. Si iwo omwe amakazinga tchipisi pachiwaya ndi kuotcha kanyenya tsiku ndi tsiku? Ndiye pagulu pomwe paja tilembe: uyu asenda mbatata, uyu ayatsa moto, awa atsuka mbale, mayina a amuna ndi akazi mosakaniza. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo ngati pakhomo pali mtsikana wantchito, nayenso Khirisimasi ndi yake. Tim'patse tchuthi akaone abale ake, kapena tim'lipire tsikulo, adye nafe pamodzi.

Tikudziwa, chimene chimatipweteketsa kwambiri ndi maso a anthu. Timafuna chithunzi cha pa Facebook chioneke ngati cha uje, tebulo lodzaza, diresi latsopano. Koma amene akulemba "zabwino zedi" pansi pa chithunzicho sadzakhalapo mwini nyumba akadzagogoda kufuna lendi. Mnzako weniweni sakuyeza ndi kuchuluka kwa nyama m'mbale. Amabwera msanga, n'kufunsa kuti mpeni uli pati.

Choncho lero lomwe, wina alembe pagulu paja: "Khirisimasi kwathu, koma tonse tisonkha, tonse tigwira ntchito." Ena ang'ung'udza, asiyeni. Otsalawo ndi amene tidye nawo, titakhala pansi, chakudya chikadali chamoto. Nanga inu kwanuko mumagawana bwanji? Tiuzeni, tiphunzire.