Dokotala wothawa kwawo amene anayambitsa Paralympics

Masewera a anthu olumala a Paralympics anayambitsidwa ndi a Ludwig Guttmann, dokotala wachiyuda amene anathawa nkhanza za chipani cha Nazi ku Germany n'kukafika ku Britain mu 1939.

Mu 1944 anayamba kusamalira asilikali ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville. Nthawi imeneyo odwala otere ambiri ankamwalira msanga ndi zilonda zodza chifukwa chogonera mbali imodzi. A Guttmann analamula kuti aziwatembenuza maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo akapezako bwino azichita masewera.

Pa 29 July 1948, odwala 16 anapikisana kuponya mivi ali panjinga zawo za olumala. Pofika 1960, mpikisanowo unachitikira ku Rome, ndipo kunabwera mayiko 23.