Opareshoni ya khutu yatha, nanga mabatire agula ndani?

M'chaka cha 2014 mu mzinda wa Blantyre mudachitika chinthu chomwe ambiri sitinkachiyembekezera kuno kwathu. Dr Wakisa Mulwafu, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa opareshoni ya makutu, mphuno ndi pakhosi, mothandizana ndi Dr David Strachan wa ku Bradford ku Mangalande, adayamba kuika m'makutu a ana ogontha kachipangizo kotchedwa cochlear implant. Zipangizozo zidachokera ku kampani ya MED-EL ya ku Austria. Ana omwe matenda adawatseka makutu adamvanso mawu a amayi awo. Ife tikuti zikomo, ndipo tikuwomba m'manja. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndiwo tikufuna tikambirane lero.

Kachipangizoka kali ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba dokotala amachiika pansi pa khungu kuseri kwa khutu, ndipo kawaya kake kamalowa m'kati mwenimweni mwa khutu kukagunda mtsempha wa kumva. Chimenechi chidapangidwa kuti chikhale zaka makumi angapo. Chigawo chachiwiri n'chakunja: chimatola mawu, n'kuwatumiza m'kati kudzera pa kamaginito komata pamutu. Chakunjachi ndiye mwini nkhani. Chimadya mabatire, ndipo otaya aja amatha pa masiku awiri kapena atatu basi. Mawaya ake amaduka, thukuta ndi fumbi zimachiwononga, ndipo m'mayiko olemera amachisintha pakapita zaka zisanu kapena kuposerapo pang'ono. Chikangozima, munthu uja samvanso kanthu, ngakhale opareshoni idayenda bwino chotani.

Luso lopangira zipangizozi likuthamanga. Pomwe Ingeborg ndi Erwin Hochmair ankayamba ku Vienna mu 1977, ndi Graeme Clark ku Melbourne mu 1978, makina akunja adali aakulu, ndipo kwa zaka zambiri munthu ankachita kuwanyamula pathupi ngati kawayilesi. Lero amakwana kuseri kwa khutu, ena amalumikizana ndi foni, ena amawaveka chikwama choti munthu n'kusambira nawo. Zabwino ndithu. Komatu inu amalonda a ku Limbe mukudziwa zomwe zimachitika mtundu watsopano wa foni kapena galimoto ukatuluka: masipeyala a wakale uja amayamba kusowa. Makampani a zipangizo za m'khutu nawo amafika posiya kupanga ndi kukonza makina akale. Kwa mzungu yemwe inshuwalansi kapena boma lake limamulipirira, imeneyi ndi nkhani yosangalatsa, alandira atsopano. Kwa mlimi wa thonje wa ku Ngabu, makina atsopano a madola zikwi zingapo ndi maloto chabe. Foni ikatha ntchito mumagula ya kampani ina, koma apa n'zosatheka, chifukwa chakunja chimagwira ntchito ndi cham'kati cha kampani yomweyo. Mwana ndi kampaniyo ali pa ukwati wopanda chisudzulo.

Zimenezi si zongoopseza. Ku India, komwe boma lidayamba kulipirira ana a mabanja osauka maopareshoni otere mu 2014, wofufuza wina, Michele Friedner, adapeza ana omwe adabwerera ku ugonthi chifukwa makolo adalephera kugula zida zosinthira kapena makina atsopano pomwe akale adasiya kupangidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tiyerekeze kuti mwana wolandira kachipangizoka kwawo ndi ku Makhanga kapena ku Bangula, m'chigwa cha Shire. Mu Okutobala ndi Novembala kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40, thukuta lili kamukamu tsiku lonse. Makina aja amafunika kuumitsidwa usiku uliwonse, ndipo ngati ali a batire yotchaja, pafunika magetsi omwe midzi yambiri ilibe. Ngakhale a m'tauni tidaona mu Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma la Chikwawa, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madzi osefukira a mu 2015, a Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 adathamangitsira mabanja a ku Chikwawa ndi Nsanje m'misasa. Kodi munthu wothawa madzi usiku, mwana kumsana, angakumbukire kabokosi ka mabatire?

Palinso ulendo. Makinawa amafuna katswiri wa zakumva kuti aziwachuna pa kompyuta nthawi ndi nthawi, makamaka chaka choyamba, ndiponso mwana amafunika womuphunzitsa kumva ndi kuyankhula. Akatswiriwo ali ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Kuchokera pa boma la Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, kukwera chitunda cha Thabwa, anthu awiri pa minibasi, kupita ndi kubwera. Onjezani apo kuti chilichonse, kuyambira batire mpaka kawaya, chimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Abale, mayi wogulitsa nsomba pa Nchalo aitenga kuti ndalama yotere?

Pasakhale wotimva molakwa. Sitikuti ana a kumudzi asapatsidwe mwayiwu, ayi. Khutu la mwana wa ku Chididi n'lofanana ndi la mwana wa ku Namiwawa. Chomwe tikukana n'chizolowezi chathu chokondwerera mphatso pa tsiku lojambulitsa, n'kuiwala za mawa. Zitsime zingati za mijigo zaima m'midzi chifukwa chosowa kamphira kotchipa?

Choncho tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti usamasiyire nkhaniyi anthu akufuna kwabwino okha. Mwana aliyense woikidwa kachipangizoka akhale m'kaundula, ndipo mabatire ndi zida zake zikhale mu bajeti monga mankhwala a matenda a mgonagona. Kampani iliyonse yobweretsa zipangizozi isainirane ndi boma kuti idzapereka masipeyala ndi makina atsopano kwa zaka zakutizakuti, pa mtengo wodziwika. Akatswiri a zakumva azitsika okha ku zipatala za Chikwawa ndi Nsanje pa masiku oikika, m'malo moti odwala azikwera phiri. Ndipo banja lopanda magetsi lizilandira kasola kotchajira pamodzi ndi makinawo.

Mwanayo aphunzitsidwenso chinenero cha manja, chomwe bungwe la anthu ogontha la MANAD lakhala likumenyera nkhondo. Manja safuna batire, ndipo tsiku lomwe makina azima mwanayo adzakhalabe ndi pothawira.

Pomaliza, ugonthi wambiri wa ana kuno ngwopeweka. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, matsagwidi ndi mafinya a m'khutu onyalanyazidwa zimatseka makutu omwe adabadwa abwinobwino. Chikwawa ndi Nsanje adali m'gulu la maboma oyamba kulandira katemera wa malungo mu 2019. Makolo, pitani nawoni ana ku sikelo, agonekeni m'masikito, ndipo khutu likayamba kutuluka mafinya thamangirani kuchipatala, osathiramo zitsamba. Inu ophunzira amene mukusankha ntchito, dziko likusowa akatswiri a zakumva ndi amisiri okonza makina amenewa.

Madokotala athu adachita mbali yawo. Aphungu a m'chigwa cha Shire afunse ku Nyumba ya Malamulo kuti ana omwe adalandira zipangizozi kuyambira 2014 akumvabe ndi angati, ndipo ndani adzawagulire makina ena akale akatha.