Loya wa banki si wanu

Amene amadutsa kawirikawiri mumsewu wa Midima waona mmene Nkando wasinthira. Pamene panali minda ya nandolo lero pali nyumba za malata, mipanda ya njerwa ndi zikwangwani zoti “nyumba yogulitsa”. Ena mwa ogula ndi aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito ku Limbe, anthu a malipiro a pamwezi amene banki ingawakongoze. Kwa iwowa ndili ndi mawu amodzi: musanasaine kalikonse, pezani loya wanuwanu.

Ambiri amandiyankha kuti a banki ali naye kale loya. Alidi naye, ndipo ndalama zomulipira mudzazipeza pa bilu yanu. Koma ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti chikole chalembetsedwa bwino, kuti tsiku limene mudzalephere kubweza, banki idzagulitse nyumbayo popanda chopinga. Si munthu woipa, akungotumikira amene wamutuma. Zoti mwawerengadi ndime yonena kuti chiwongoladzanja chikhoza kukwera nthawi ina iliyonse, iye sizimusowetsa tulo. Ndipo chimakweradi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti kumayambiriro kwa 2024, ndipo amene anali ndi ngongole anazimva m’thumba.

Vuto la kuno kwathu limayambira patali. Malo ambiri ku Nkando ndi a makolo, ndipo chikalata chimene wogulitsa amatulutsa nthawi zambiri ndi kalata ya amfumu, yolembedwa pamanja, ya chidindo chofiirira ndi mayina a mboni ziwiri. Kalata imeneyo ili ndi ulemu wake m’mudzi, koma banki siyingaitenge ngati chikole. Imafuna lizi kapena chikalata cha umwini cholembetsedwa ku Unduna wa Zamalo. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, linatsegula njira yoti malo oterewa azilembetsedwa, ndipo anzathu a ku Phalombe anali m’gulu la oyamba kuyeserera pamodzi ndi a ku Kasungu ndi Rumphi. Komabe nyumba yokhala ndi mapepala oti banki n’kuwavomera idakali yosowa kuno, ndiye ikapezeka anthu amaithamangira osafunsa zambiri.

Mnzanga wina, namwino, anapeza yotere chakumunsi kwa msika. Dobadoba amene anamuonetsa nyumbayo anamuuzanso kuti ali ndi “loya wake wachangu” wotha zonse sabata imodzi. Mwamwayi anakana, n’kukapeza wina yekha ku Blantyre. Loya ameneyo atafufuza ku ofesi ya zamalo anapeza lizi ili bwinobwino, dzina lake la wogulitsayo. Sanalekere pomwepo. Loweruka lina anabwera yekha, atavala nsapato zafulati, m’manja muli mapu a saveya, n’kuyamba kusakasaka mabikoni m’tchire la mpanda. Atatu anapezeka. Wachinayi anali mkati mwa khola la mbuzi la oyandikana nawo. Atafunsa mayi wachikulire amene ankatola nkhuni pafupi, anamva kuti wogulitsayo ndi mkamwini, mkazi wake anamwalira, ndipo alongo a malemuwo sakudziwa n’komwe kuti nyumba ikugulitsidwa.

Ife a ku Mulanje tikudziwa tanthauzo la zimenezi. Kuno malo amayenda ndi mbumba, ndipo m’boma limene minda ya tiyi inatenga gawo lalikulu la nthaka yabwino, palibe banja limene lingangoyang’ana poloti ikupita. Pepala likhoza kukupambanitsani kukhoti patapita zaka, koma zaka zonsezo banki ikudula ndalama zake mwezi ndi mwezi, inu mukugona m’nyumba ya lendi. Mnzanga uja anadikira mpaka mwinimbumba ndi ana a malemu atakhala pansi pamaso pa amfumu n’kusaina kuti avomera, malire atakonzedwanso. Zinachedwa, koma lero akukhalamo mwamtendere.

N’chifukwa chake ndimati funso loyamba kwa loya lisakhale la mtengo. Mufunseni ngati adzafike pamalopo, iye kapena munthu wa mu ofesi yake. Amene akuti zonse azithera pa desiki ku Blantyre angakhale katswiri wa nyumba za ku Namiwawa, koma za ku Nkando sakuzidziwa.

Zina n’zachidule. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chimenecho. Dzina likasowapo, tulukani, ngakhale munthuyo atavala suti yokongola bwanji. Bungwe lomwelo ndi limene mungakadandauleko zinthu zikalakwika, pamene dobadoba akathimitsa foni mulibe kolowera. Ndalama zipite ku akaunti ya ofesi yosungira ndalama za makasitomala, osati pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu, ndipo wogulitsa asazilandire zonse mapepala asanasinthe dzina. Loya wabwino adzafufuzanso ngati nyumbayo siinaikidwe kale chikole kwina, ngati lendi ya malo ya boma ilibe ngongole, ndi kuti pa lizi patsala zaka zingati.

Ndikudziwa chodandaula cha ambiri: maloya ndi odula, ndipo munthu amene wafinya kale thumba kuti apeze ndalama yoyambira sangakonde kulipira awiri. Dandauloli ndi loona. Palinso maloya ena amene amasunga fayilo miyezi, foni osayankha, ndipo anzawo a m’bungwe amawadziwa. Koma ngongole ya nyumba mudzakhala nayo zaka khumi kapena kuposa, pamene loya mumulipira kamodzi. Muuzeni akulembereni papepala zonse zimene mudzalipire: zake, msonkho wa sitampu, chikalata cha msonkho cha ku MRA, zolembetsera ku ofesi ya zamalo. Pamndandanda umenewo muonjezerepo nokha mafuta oti afikire ku Nkando, ndipo pa tsikulo muitaniretu amfumu ndi eni mbumba.