Aphunzitsi a ntchito zamanja apatsidwe mpando pa bwalo

Pamene Pulezidenti Peter Mutharika ankakhazikitsa ndondomeko ya makoleji a ntchito zamanja a m'madera pa Ngara m'boma la Karonga m'chaka cha 2015, lonjezo lidali lomveka: mwana amene sadapeze malo kuyunivesite asamangokhala pakhomo, aphunzire luso pafupi ndi kwawo. Ku Chitipa, lonjezo limeneli lili m'manja mwa koleji ya Kasama.

Kholo la ku Nthalire, Misuku, Wenya kapena Kameme likagulitsa chimanga, khofi kapena mbuzi kuti mwana akaphunzire ukalipentala, zomangamanga, kusoka kapena kuwotcherera zitsulo, limafuna kuti mwanayo amalize maphunziro, atenge satifiketi ndipo akathe kudzidyetsa ndi manja ake. Kungolowa m'kalasi sikukwanira.

Kuchokera pamene lamulo la 1999 lidakhazikitsa bungwe la TEVETA, maphunziro a zaluso asinthidwa kangapo. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama zamalipiro a antchito awo kuthumba la maphunzirowa. Bungwe la European Union lidathandiza kudzera m'pologalamu ya STEP, ndipo m'chaka cha 2021 Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza ndalama zokwana 100 miliyoni ya Amerika za pologalamu ya SAVE. Masomphenya a Malawi 2063 nawo amadalira achinyamata aluso.

Ndondomeko zonsezi zimakonzedwa ku Lilongwe, koma wozikwaniritsa ndi mphunzitsi amene amaima pambali pa wophunzira m'shedi, atagwira sowo kapena chipande chomangira. Funso n'lakuti: kodi mphunzitsi ameneyu ali ndi mawu pa kayendetsedwe ka koleji yake, kapena amangolandira kalata yomuuza zochita?

Mphunzitsi ndiye amayamba kuona wophunzira akayamba kujomba. Ndiye amadziwa kuti mtsikana uja wasowa chifukwa cha lendi ya kachipinda komwe amagona, kapena kuti mnyamata uja wabwerera kumudzi kukathandiza kukolola. Ndiye amadziwa kuti simenti kapena matabwa ophunzirira zatha pakati pa teremu. Akuluakulu a kulikulu amaona manambala chaka chikatha, pomwe mwana adachoka kale.

Ku Chitipa nkhaniyi ili ndi mbali ina. Bomali lili ndi anthu oposa 230,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo amayankhula zinenero zambiri monga Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi Chitumbuka. Mabuku ndi mayeso zili m'Chingerezi. Amene amamasulira muyeso wa denga kapena kasakanizidwe ka matope m'chinenero chimene mwana akumva ndi mphunzitsi. Kukonza kaphunzitsidwe popanda kumufunsa n'kutaya nzeru zimene zilipo kale.

Nkhani ya kukaphunzira pantchito nayo ndi yovuta. Ku Chitipa kulibe mafakitale ngati a ku Blantyre kapena ku Kanengo. Ngakhale msewu wa tala udalumikiza bomali ndi Karonga, wophunzira wosauka sangakwanitse kukakhala miyezi ingapo ku Mzuzu pa ndalama zake. Malo enieni ophunzirira ndi mashedi a amisiri a paboma, makontilakitala omanga sukulu ndi zipatala, komanso magalaja. Amene amadziwa mmisiri wodalirika ndi amene angangotuma mwana kukatunga madzi tsiku lonse ndi mphunzitsi yemweyo.

Maiko ena adaiona kale nkhaniyi. Ku California m'dziko la Amerika, lamulo la 1988 lidapatsa mabwalo a aphunzitsi a m'makoleji a m'madera udindo waukulu pa nkhani za maphunziro ndi muyeso wa kakhozedwe. Mkulu wa koleji adakhalabe pampando wake, koma zokhudza m'kalasi sizidutsa aphunzitsi asadanenepo maganizo awo. Malawi sangatengere zonse, koma mfundo yake ndi yabwino.

Choncho unduna woona za makolejiwa pamodzi ndi TEVETA achite zinthu zitatu.

Choyamba, komiti yoyendetsa koleji iliyonse ikhale ndi aphunzitsi osankhidwa ndi anzawo, okhala ndi voti, osati ongoitanidwa kudzamvera kapena kulemba maminitsi.

Chachiwiri, pakhale bwalo la aphunzitsi lokumana teremu iliyonse kuunika kuti ndi ophunzira angati alowa, angati asiya, angati akhoza, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Zotsatira zake ziziperekedwa kwa makolo, mafumu ndi khonsolo ya boma.

Chachitatu, bajeti ya zipangizo zophunzirira isavomerezedwe aphunzitsi asadaione. Amene amagwiritsa ntchito makina ndiye amadziwa choyenera kugulidwa poyamba.

Komatu mpando umabwera ndi udindo. Pali anthu amene amaopa kuti aphunzitsi akapatsidwa mphamvu azingokambirana za maalawansi awo kapena kukana kusintha kulikonse kowawonjezera ntchito. Mantha amenewa si opanda pake. N'chifukwa chake bwalo lotere liyenera kuyezedwa ndi chinthu chimodzi: chiwerengero cha ana omaliza maphunziro ndi kupeza chochita. Mphunzitsi wojomba, kapena wotenga ophunzira kukamugwirira maganyu ake, adzudzulidwe ndi anzake pa bwalo lomwelo. Boma nalo lionetsetse kuti aphunzitsi alipo okwanira, akulandira malipiro pa nthawi yake ndipo akupita kukasula luso lawo, chifukwa munthu wotopa ndi ngongole sangaganize za mwana wa mnzake.

Makolo nawonso asamangotumiza fizi n'kukhala chete. Akapita kukaona ana awo afunse kuti amene amakhala mukomiti ya koleji ndani, ndipo aphunzitsi adafunsidwa liti maganizo awo.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Nyumba za koleji zidamangidwa ndipo ndalama za abwenzi akunja zidabwera. Chotsala n'kumvera anthu amene amakhala ndi ana a ku Chitipa m'shedi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kuti mbuzi imene kholo lidagulitsa isapite pachabe.